Khadi la a Ngozo

Lolemba, 8 Disembala

Nzeru yapezeka! Ana anga asiye kuzunza a Ngozo, mlonda wa mabalani a fodya. Mkuluyu akangodutsa pasukulu, onse ali pazenera kuimba: "Mtchona, mtchona, njira ya kwanu yamera udzu!" Anachoka ku Ntcheu ine ndisanabadwe. Mkazi alibe, mwana alibe, kalata sanalandirepo. Zimandiwawa. Ndodo ndayesa, yathyoka. Tsopano tiyesa chifundo. Mwana aliyense apanga khadi la Khrisimasi ngati aja a m'sitolo m'tauni ya Glendale, Loweruka tikapereka tonse. Makhadi 34 kwa munthu mmodzi! Mkuluyo akondwa, ana aphunzirapo. Sizingakanike.

Zofunika:
mapepala okulungira fodya (a kapitawo alonjeza)
phala la ufa lomatira
makala, katondo, buluu wochapira
mphunzitsi wanzeru (alipo kale)

Lachiwiri, 9

Mapepala afika, oyera bwino. Ndikufotokoza za chifundo kwa ola lathunthu, mpaka ndikudzimvera ndekha kukoma. Esinati, mwini nyimbo ija, akukweza dzanja: "Ticha, a Ngozo atipatsa chiyani?" Palibe, ndiye chifundocho. Ndagawa mapepala, aliyense akapinde lake kunyumba mosamala.

Lachitatu, 10

Mapepala abwerera 19. Enawo asutidwa! Ndinaiwala kuti pakomboni pano pepala lofewa ntchito yake ndi imodzi. Mwana wina akuti: "Ababa ati pepala labwino chonchi n'kulakwa kuliwononga ndi zolemba." Palibe kanthu. Walira mvula walira matope. Ndipo 19 ndi ambiri, mkulu mmodzi angawerenge angati? Komanso sadziwa kuwerenga.

Lachinayi, 11

Phala lomatira ndaphika ndekha m'mawa. Ndikutuluka pang'ono kukatenga buluu, pobwera m'chitini muli mbee. Akuti mbuzi. Mbuziyo ili ndi milomo isanu ndi iwiri, yonse yakhala pabenchi lakumbuyo. Masana a kapitawo atenga ana akuluakulu onse, akatole mbozi m'fodya. Chifundo chidikire, mbozi sizidikira.

Otha: 8. Okongola: 0. Mngelo wina akuoneka ngati nkhuku yonyowa. Tikupitirira!

Lachisanu, 12

Mvula. Denga lathu laudzu likudontha malo amodzi okha, pamwamba penipeni pa makhadi. Buluu, makala ndi katondo zagwirizana kuposa maiko atatu a Chitaganya. Zonse phala.

Latsala limodzi, la Esinati, analibisa m'diresi. Wajambula a Ngozo mutu ngati dzungu, pansi walemba dzina lawo ndi "Khrisimasi yabwino." Limodzi ndi lokwanira likaperekedwa mwaulemu. Ndaliika mu envulopu yanga yomwe ndimasungira kalata ya amayi, ndamata, ndalemba dzina pamwamba ngati yochokera kupositi. Izi ndiye nzeru zenizeni.

Loweruka, 13

Maiwe!

Esinati wapereka ndi manja awiri, atagwada, monga ndinamuphunzitsira. Ine ndaima kuseri kwa balani kudikira chimwemwe. A Ngozo aiyang'ana envulopu, aitembenuza, akhala pansi. Kenako kulira. Pano kalata yofika kwa munthu amene salemberedwa imanena chinthu chimodzi: kumudzi kwagwa maliro. Ndimadziwa zimenezi. Ndazidziwa moyo wanga wonse!

Azimayi atuluka m'nyumba mipango kumutu. A Che Saidi otunga zovala asiya makina, abwera ndi mphasa. Wina wapha kale nkhuku. Akufuna wowerenga, ndipo pulazi yonse wamkulu wowerenga ndi ine. Andipeza kuseri kwa balani.

Ndang'amba envulopu yomwe ndamata ndekha. Ndawerenga dzina ndi mawu onse awiri. Ndaonetsa dzungu.

A Ngozo: "Ndiye palibe wamwalira?"

Palibe, bambo.

"Ndiye sichokera kwathu."

Ayi, bambo. Ichokera kusukulu, apa.

Alandira khadi lija, alipinda bwinobwino. Ndikadakonda atanditukwana. Esinati wayamba kulira, osati konamizira. Nkhuku inali itafa kale, ndiye tadya. Anthu akhala pakhomo pa a Ngozo mpaka dzuwa kupendeka, kufunsana za Ntcheu. Mwini nkhuku sakundiyankhula.

Lamulungu, 14

Kutchalitchi sindinapite kutsogolo kukaimbitsa nyimbo. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Zotsatira za sabata:
makhadi osutidwa, 15
odyedwa ndi mvula, 7
osatha, sindikuwerenganso
nkhuku, 1
envulopu ya amayi, yapita

Potuluka ndakumana ndi a Ngozo. Akusuta. Ndikulidziwa pepalalo, m'mphepete muli buluu. Dzungu lija lapsa mpaka m'khosi. Chabwino, ndavomera, makhadi si a pakomboni.

Avula chipewa, ndimayesa akundipatsa ulemu. Ayi, akundionetsa m'kati. Asunga kachidutswa kakang'ono, kong'ambidwa bwinobwino. "Kamwana kaja kati apa ndi pamene pali dzina langa. Apa sindisuta."

Akuti mawa Esinati awalembere kalata yopita ku Ntcheu, mwina kuli wotsala. Pepala ndipereke ine. Envulopu ndilibe, ndikapempha. Phala lomatira ndiphika ana atapita.