Apongozi Abwera, Chala Chakana

Lolemba, 9 Juni
Apongozi afika kuchokera ku Mulanje kudzaona mdzukulu wawo Tadala. Akhala sabata imodzi. Paukwati wathu ananena kuti atsikana a ku Ndirande sadziwa ntchito. Ndiye pulani ndi iyi: asadziwe za dzanja langa. Limapweteka povalira wotchi, mbali ya chala chachikulu, chiyambire kunyamula mwana. Jakisoni wa mwezi watha sanathandize. Ndichapa, ndikolopa, ndimwetulira. Basi.

Lachiwiri
Matewera! Kuchapa ndikutha, kufinya ayi. Ndikufinya ndi mawondo kuseri kwa bafa. Pachingwe akudontha ngati denga lathu. Apongozi awagwira, andiyang'ana, apita. Bola akanandikalipira.

Lachitatu
Zagwa lero: ketulo, mbale ya nyemba, sopo m'ngalande. Tadala sanagwe, koma ndikumunyamula ndi zigongono ngati thumba la makala. Powasambitsa m'manja apongozi, jagi yapendekeka, madzi onse pachitenje chawo. "Make Tadala, kodi mumamwa?" Ndangopukusa mutu.

Lachinayi
Tsiku lobwerera kuchipatala. Ndanama kuti ndikupita ndi mwana kusikelo. Apongozi akuti, "Tipitire limodzi." Mayo ine! Alowa mpaka m'chipinda cha adokotala. Muli ophunzira udokotala odzaza, maso onse pa ine.

Adokotala akuti ndifumbate chala chachikulu, kenako apinda dzanja langa. Ndakuwa! Ine amene kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo. Tadala walira, mlonda wasuzumira.

Akuti chalachi chimakokedwa ndi mitsempha iwiri ngati zingwe, yodutsa m'kapaipi kamodzi kothina. Yatupa, ikukhulana. Anthu ena ali ndi kakhoma m'kapaipimo, chingwe chilichonse chipinda chake. Mwina ndine mmodzi wa iwo, jakisoni analowa chipinda chimodzi chokha. Ndiye opaleshoni: atsegule zipinda zonse ziwiri, asamale kamtsempha komvera kamene kadutsa pamwamba, chifukwa akakadula khungu lichita dzanzi. Ophunzira akulemba. Apongozi akufunsa mafunso kuposa ophunzirawo.



Lachisanu
Pampope aliyense wadziwa. Apongozi akufotokoza okha: "Mpongozi wanga ali ndi zipinda ziwiri m'dzanja, adokotala anena!" Akunyadira! Azimayi akufumbata zala zawo, kupinda, kuyesa ngati nawonso akuwa. Mayi alandilodi akufuna kuona pamene pali khomalo. Ndapereka dzanja, nkhope kumbali.

Loweruka
Zoletsedwa: kuchapa, kufinya, kunyamula ndowa, kunyamula mwana wanga yemwe. Ndangokhala pakhonde ndi bandeji ngati mlendo. Bambo a Tadala abwera kuchokera kuntchito ku Makata, akuti mayi awo akuphika bwino masiku ano. Apongozi akusesa kuchipinda kwathu. Pansi pa bedi ndinabisapo beseni la zovala zanga zamkati, zosachapa chiyambire Lolemba. Ambuye, tsache lisafike kumeneko.

Lamulungu
Lafika.

Pobwera kutchalitchi ndazipeza zili pachingwe chakutsogolo, moyang'ana msewu, zofinyidwa bwinobwino. Ngakhale panti ija yobooka. Anthu a mpingo wathu akudutsa, akupereka moni mwaulemu kwambiri.

Apongozi aimba foni ku Mulanje kuti awatumizire zovala zina. Sachoka mpaka opaleshoni ichitike, bala lipole. Tsiku la opaleshoni adokotala sanatchule.

Ndagwada, ndati zikomo amayi. Akuti ndivule iyi ndavalayi, madzi asopo akadalipo.