Msana wa Apongozi

Lolemba

Sabata ya mayeso yafika. Loweruka likubwerali, kusukulu yathu ya ositiyopathi ku Hamilton, kuno ku Canada, aliyense apite ndi munthu woti akamupime ndi manja pamaso pa aphunzitsi. Ukakhoza, chaka chachiwiri. Ukalephera, ubwereza chaka chonse. Ine kubwereza sindingathe. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anavomera kundigwirira mashifiti a Loweruka chaka chimodzi chokha, ndipo ananena atandiloza chala.

Aphunzitsi akuti ositiyopathi, ntchito yowongola mafupa ndi minofu ndi manja okhaokha, imafuna izi:

maso oona mmene munthu akuyendera
makutu omvetsera dandaulo lake mpaka amalize
zala zomva pamene pakungika
kupempha chilolezo usanamugwire
kudekha

Zonsezi ndili nazo! Munthu ndili naye kale: a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene amayendetsa thiraki ku Brampton. Khosi lawo ndi louma ngati mpini wa khasu. Khosi lokhozera mayeso lenileni.

Lachiwiri

A Tembo aimba foni. "Boyi, sorry maningi, banipasa load ya ku Montreal. Nizabwela pa Sunday." Khosi labwino chonchi kukangolitaya ku Montreal!

Ndalemba pagulu la pafoni la kumpingo kuti ndikufuna msana wa munthu Loweruka, ulere. Amayi ena afunsa ngati ndayamba using'anga. Akulu ampingo akuti ayamba aipempherera kaye nkhaniyi. Wina wafunsa ngati ndipereka risiti ya inshulansi. Ndati ndikadali wophunzira. Watumiza kachithunzi ka manja opemphera, basi ziii.

Lachitatu

Ndapempha mayi a Tadala. Andikumbutsa kuti Loweruka amakhala kuntchito chifukwa cha sukulu yanga yomweyi.

M'nyumba muno mwatsala wamkulu mmodzi: apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzalera mwana wathu Tadala. Chibwerereni, m'kanyumba kathu ka ku Oshawa kano tikusunga mwambo bwinobwino. Akalowa kukhitchini ine ndimatuluka. Moni ndimapereka ndikuyang'ana furiji. Zina zonse zimadutsa mwa mkazi wanga.

Lero mwangozi ndawaona chakumbuyo akukwera masitepe atabereka Tadala. Chiuno chakumanzere chikutsalira. Phewa lapendekeka. Atafika pamwamba agwira msana n'kuusa moyo. Ndendende zimene zili m'buku lathu! Ndabweza maso msangamsanga. Mkamwini sayang'ana chiuno cha apongozi ake, kaya waphunzira bwanji.

Lachinayi

Ndayesa aneba. Akuti ali naye kale wowawongola, wa mapepala ake. Ndayeseza pa pilo. Pilo sadandaula, ndiye makutu aja ndiwayesera pati?

Madzulo mayi a Tadala abwera ndi uthenga wochokera kuchipinda cha amayi awo. Akuti vuto langa alimva, apita nane ku Hamilton. Akuti msana ndi msana, ndipo kuno ndi ku Canada.

Ndatsamwa ndi tiyi. Ndati amalume anga akakamva kuti ndagwira apongozi m'chiuno, kumudzi ndikalowera pati? Mkazi wanga wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye mubwereze chaka, ine ndibwerezenso mashifiti? Seriously, bambo a Tadala?"

Ndavomera. Walira mvula walira matope.

Lachisanu

Tsiku loyeseza. Apongozi agona pabalaza atavala zitenje ziwiri, juzi ndi jekete la chisanu. Mkazi wanga waima pakati pathu ngati wapolisi wapamsewu. Ine ndikuti, afunseni ngati ululu umatsikira kumwendo. Iye wawafunsa. Amayi ayankha khoma kuti eya, umatsikira.

Ndatambasula manja. Ndipomwe Tadala walira kuchipinda. Ndathamanga kukamunyamula, ine amene masiku onse akalira ndimanamizira tulo. Ndapitiriza kumutonthoza ngakhale anali atatonthola kale. Pobwerera ndapeza apongozi adzuka, akupinda zovala.

Palibe kanthu. Mawa kusukulu zikayenda. Kumeneko ndikakhala wophunzira, osati mkamwini.

Loweruka

Tadala kwa aneba. M'sitima apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Posintha sitima ku Toronto ndatsala pang'ono kuwataya.

M'chipinda cha mayeso apongozi avula jekete okha osauzidwa, akwera pabedi, agona. Mayi olimba mtima kuposa ine. Aphunzitsi akuti funsa wodwala wako. Ndacheuka kufuna mkazi wanga. Palibe! Ndangopezeka ndagwada, ndikufunsa mafunso kwinaku ndikuyang'ana pulagi ya magetsi. Aphunzitsi akuti imirira, muyang'ane wodwala kumaso. Ndayang'ana duku.

Chilolezo chokha ndiye ndapempha mokoma, ndabwereza, ndabwerezanso. Kenako apongozi atembenuza mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni alankhula ndi ine osadzera mwa munthu.

"Gwirani bambo, musaope. Ndinu mwana wanga."

Pamene pali vuto ndikupadziwa. Ndikupaona. Manja afika pamwamba pa chitenje n'kuima m'malere. Ndawakalipira chamumtima. Akana. Aphunzitsi adikira, adikira, mpaka nthawi yatha. Andiuza mofatsa kuti sanaonepo wophunzira wopempha chilolezo bwino chonchi, koma msana suchira ndi chilolezo.

Pobwerera apongozi abwera kudzakhala mpando woyandikana ndi wanga. Atulutsa mtedza wokazinga m'chikwama n'kundithirira m'manja. Manja omwe aja alandira bwinobwino.

Lamulungu

Kutchalitchi apongozi akuuza amayi anzawo kuti mkamwini wawo analeredwa bwino, ulemu wake sunasungunuke ndi chipale chofewa cha kuno. Amayi onse akundipatsa moni ndi manja awiri. Mkazi wanga yekha ndiye sakundiyang'ana. Wangoti Loweruka likubwerali ndibwerere kushifiti yanga, za sukulu tidzakambirana mtima ukadzatsika. Sananene kuti wa ndani.

A Tembo aimba. Abwerako, khosi lauma kuposa kale, abwere mawa? Ndati pitani kwa odziwa.

Manyazi anapha lambe, ine andiphera chaka. Koma chikundiwawa kwambiri si chakacho ayi. Mayi aja anavula manyazi awo chifukwa cha ine, anakwera sitima ziwiri ndi msana wowawa, ananditcha mwana wawo pamaso pa aphunzitsi, ndipo abwerako monga anapitira. Ndikumva chisoni, ndipo ndilibe womuuza.

Panopa akukweranso masitepe atabereka Tadala. Sindikuyang'ana, koma ndikumva phazi lakumanzere likutsalira. Fupa lake ndikulidziwa, dzina lake la m'buku ndikulidziwanso.

Ndawagulira botolo la labala lothiramo madzi otentha, lothowera msana. Ndapatsa mayi a Tadala kuti awapatse.