Makangaza Khumi ndi Awiri

Lolemba

Tamanda waimba foni m'mawa. Akubwera Loweruka kuchokera ku Blantyre, ndipo abwera ndi kamakina koyezera BP. Mawu ake: "Ababa, ikapezeka yapitirira 140, mukukwera galimoto. Simungamakhale nokha ku Malindi magazi akuthamanga chonchi." Mwezi watha kuchipatala inali 162. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha kuti nambala sinama. Lero wanditembenuzira.

Sindikufuna kupita. Nyumba ino tinamanga ndi malemu mayi ake, njerwa tinaumba tokha. Kwa Tamanda kuli chipinda chabwino, sindikana, koma windo lake limayang'ana mpanda.

Choncho ndakonza dongosolo. Kuseri kwa bafa kuli mtengo wa makangaza, omwe anthu kuno amati chimanga chachizungu. Akupsa alipo khumi ndi awiri. Ndathyola onse, ali m'dengu. Awiri pa tsiku, kuyambira lero mpaka Loweruka m'mawa.

Zimene ndikudziwa, mosakometsa:
- madzi ake amathandizako kutsitsa BP, pang'ono, osati mozizwitsa
- ali ndi zinthu zina zoteteza mitsempha ya magazi
- salowa m'malo mwa mapiritsi. Mapiritsi ndikumwabe
- mchere ndausiya kuyambira lero

Kufinya ndi ntchito. Kudula, kukonola njere m'beseni, kuzikulunga m'kansalu koyera, kupotokola. Ola lathunthu, theka la kapu! Okoma ndithu, owawasa pang'ono, amamanga m'kamwa.

Malaya anga oyera afiira pachifuwa. Ndawachapa pamodzi ndi kansalu, osachoka, ndayanika choncho. Abiti Yusufu, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndayamba kutsokomola magazi. Ndawakhazika pansi, ndawafotokozera za mtima, za mitsempha, za chipatsochi. Amvetsera bwinobwino mutu ukugwedezeka. Pochoka ati: "Pepanitu, aphunzitsi. Mulungu ndi wamkulu."

Ndikuona ngati sanandimve.

Otsala: khumi.

Lachiwiri

Sanandimve. Mudzi wonse ukudziwa kuti aphunzitsi akudwala.

Ndangomaliza kufinya, kapu ili m'manja, ndikumva "odi". Anthu anayi odzazonda matenda: Abiti Yusufu, Che Bwanali amene anali ndi boti kale, ndi akuluakulu awiri amene ana awo ndinawaphunzitsa sayansi. Munthu sungamwe chinthu alendo akukuyang'ana kukhosi. Ndatenga makapu. Theka la kapu silikwana anthu asanu, ndiye ndadula ena awiri. Abiti Yusufu andithandiza kufinya, ndipo pa chilichonse chimene afinya akulawa kaye.

Amati mlendo ndi mame. Mame a lero dzuwa lafika paliwombo asanaume.

Zimene andibweretsera:
- utaka wokazinga, mchere wake wooneka ndi maso
- mtedza wokazinga wamchere
- chinangwa chokazinga, chowaza mchere ndi tsabola

Ndayesa kunena kuti mchere ndasiya. Che Bwanali ati wodwala wokana chakudya ndiye amene amaopsa anthu. Onse andiyang'anitsitsa mpaka ndadya. Utakawo ndi wabwino, ndisaname.

Che Bwanali nawonso ali ndi BP, choncho afunsa mwachidwi. Ndayamba monga mmene phunziro labwino limayambira: choyamba chipatso ndi mbali zake, chachiwiri ubwino wake, chachitatu kuopsa kwake. Ndili pakati pa chachiwiri, azana yoitanira anthu kukapemphera yamveka kumzikiti. Anyamuka. Che Bwanali apempha makoko a m'beseni, ndawapatsa. Mwina ndi a mbuzi.

Ndamwa zotsalira m'jagi. Masipuni atatu, mwina anayi.

Otsala: asanu ndi limodzi.

Lachitatu

Ndadzuka molawirira kuti ndifinye anthu asanayambe kuyenda. Ndapeza Abiti Yusufu akusesa kale pakhomo panga. Ati wodwala sasesa.

Mamawa ndithu, amayi a kumpingo kwathu afika. Asanu ndi anayi, ovala yunifomu. Adzaza pabalaza, ena pamkeka. Amva kuti ndili chigonere, ndiye adabwa kundipeza ndaima. Mmodzi wandigwira mkono n'kundikhazika pampando ngati dzira. Kuyambira pamenepo sindinaloledwenso kuima.

Makangaza atatu sangakwane anthu khumi ndi mmodzi. Abiti Yusufu athiramo madzi mpaka jagi yadzaza, ndipo poti zasukuluka athiramo shuga. Apa ndiye ndaona kuti ndiyenera kulankhula. Madzi a makangaza ali kale ndi shuga wakewake, ndipo Mayi Chikopa, amene atsogolera gululi, ali ndi matenda a shuga. Ndati, "Amayi, ndifotokoze pang'ono chabe," koma iwo aganiza kuti ndikufuna kutsanzika, ayambitsa nyimbo. Mavesi onse asanu. Ayimba bwino kwambiri moti misozi yalengeza m'maso mwanga, ndipo misoziyo yawatsimikizira kuti zinthu zafika poipa.

Mayi Chikopa amwa makapu awiri.

Zobwera nazo: nsomba zouma zamchere, mandasi, ndiwo za nyemba zothira mchere mwachikondi. Sindikudandaula. Chiyambire maliro a mayi a Tamanda, nyumba ino sinadzazepo chonchi. Kungoti dongosolo langa silinawerengere zimenezi.

Kapu yanga lero inali yodzaza, koma zinali zotuwa ngati madzi otsukira mbale. Sindikudziwa ngati ndiwerengere.

Otsala: atatu.

Lachinayi

Tsiku loipa.

Akazi a Che Bwanali afika wefuwefu. Amuna awo akusanza kuyambira dzulo, mutu ukuwaphulika, akaima akuona chizungulire. Ndapita. Nkhani yake ndi iyi. Lachiwiri lomwe lija anataya mapiritsi awo a BP kuchimbudzi, akuti aphunzitsi anena kuti chipatso chimatsitsa BP. Poti chipatso alibe, anaphika makoko aja. Poona kuti makoko achepa, anakasenda khungwa pamtengo wanga, akuti mphamvu ya mtengo imakhala m'khungwa. Amwa makapu atatu pa tsiku.

Zimenezi zinali m'gawo lachitatu! Khungwa ndi mizu ya makangaza zili ndi poizoni, makoko nawonso sayenera kumwedwa mochuluka. Ndikanayamba ndi gawo lachitatu. Zaka makumi atatu ndili m'kalasi, belu limandidula mawu tsiku lililonse, koma sindinaphunzirepo kanthu.

Tawakweza pa njinga yamoto ya kabaza, ine pambuyo ndikuwagwira m'chiuno. Dzuwa, fumbi, mabampu. Kuchipatala tapeza namwino amene anali mwana wasukulu wanga, amene ankakhala benchi yakumbuyo osakweza dzanja. Lero walankhula bwino ndithu. Che Bwanali awaika diripi, awapatsanso mapiritsi, akhala bwino. Kenako watembenukira kwa ine mwaulemu wonse, n'kuwerenga ndi zala:
- wakumwa mapiritsi a BP afunse kaye asanayambe kumwa madziwa tsiku ndi tsiku, chifukwa kwa ena BP imatsika mopitirira
- wakumwa mankhwala oletsa magazi kuundana asayerekeze popanda kufunsa dokotala
- wodwala impso asamale
- wa shuga asamale
- ena amawenga nawo

"Inuyo, aphunzitsi, munafunsa ndani?" Sindinafunse aliyense. Ndangoyang'ana pansi ngati mwana woiwala homuweki.

Wafuna kundiyeza BP. Ndakana. Mayeso anga ndi Loweruka.

Che Bwanali sakundikwiyira, ndipo zimenezo ndiye zikundipweteka kwambiri. Ati cholakwa ndi chawo, mwina anachulutsa madzi.

Sindinafinye lero. Ndakaona mtengo. Mbali imodzi yayera ngati fupa.

Otsala: atatu omwe aja.

Lachisanu

Ndafinya limodzi m'bafa, chitseko chotseka. Munthu wa msinkhu wanga kubisala m'nyumba mwake momwe! Ndamwa ndili chiimire. Silinakome.

Masana, atatuluka kumzikiti, afika amuna asanu ndi mmodzi kudzathokoza kuti ndinathamangira ndi mnzawo kuchipatala. Che Bwanali awauza kuti ndinawapulumutsa. Zoti ndine ndinayambitsa sananene. Ndanena ndekha, koma aganiza kuti ndikudzichepetsa. Andipempherera, ndalandira. Ndadula awiri omaliza. Limodzi lapezeka lakuda mkati, lovunda. Linalo Abiti Yusufu alitambasula ndi madzi mpaka lakwana onse.

Lero ndayamba ndi kuopsa. Ndanena za khungwa, za mapiritsi, za impso, za shuga, zonse mwadongosolo. Amvetsera, kenako mmodzi wakankhira kapu yake patali n'kufunsa chifukwa chake ndikuwamwetsa chinthu chotere. Funso labwino. Ndisanafike pa ubwino wake, atsanzika. Kapu yokanidwayo amwa Abiti Yusufu.

Asiya mulu wa usipa.

Tamanda waimbanso. Anthu atatu amuimbira sabata ino. Woyamba wati ndikutsokomola magazi. Wachiwiri wati amayi a kumpingo anandiimbira nyimbo ndikulira. Wachitatu wati anandiona dzulo kuchipatala ndatuwa ndi fumbi mutu wonse. Ndamuuza kuti chilichonse chili ndi tanthauzo lake ndipo ndifotokoza chimodzichimodzi. Wati ndikafotokoza mawa. Sakubweranso pa minibasi, wabwereka pikapu ya amuna ake.

Munthu sabwereka pikapu kuti anyamule kamakina kokwana m'chikwama.

Otsala: palibe.

Loweruka

Ndameta ndevu, ndavala malaya abuluu. Ndamwa piritsi. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango ndikupuma pang'onopang'ono, monga ndinkawauzira ana asanalowe m'chipinda cha mayeso. Sizinkawathandiza, ndaona lero.

Tamanda wafika asanakwane masana. Wanenepako, akufanana ndi mayi ake kuposa kale. Wandipatsa moni atagwada, kenako walowa kukhitchini. Wakhalako nthawi. Potuluka wangofunsa kuti nsomba zamchere zonsezo ndi za ndani.

Wandimanga lamba pamkono. Kamakina kalira, kafinya, kamasula.

158.

Ndamuonetsa kuti yatsika ndi zinayi. Wati tiyese mkono winawo. 160. Ndapempha kuti tiwerengere woyamba uja.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, ndikanayankha. Wangokhala pansi pambali panga n'kunena kuti, "Ababa, amayi tinawataya chonchi, akunena kuti ali bwino." Pamenepo ndinalibe gawo loyamba, lachiwiri kapena lachitatu.

Abiti Yusufu, amene anali pampanda nthawi yonseyi, apempha kuti nawonso ayezedwe. 124. Awomba m'manja, akuti ndi chimanga chachizungu cha aphunzitsi, amwa sabata yonse ndipo thupi likupepuka. Ndafuna kuwauza kuti sitikudziwa kuti inali bwanji asanayambe kumwa, choncho palibe chimene tingatsimikize. Athamanga kale kukauza anzawo. Pofika madzulo anthu khumi ndi awiri ayezedwa pakhonde panga. Atatu Tamanda wawauza kuti apite kuchipatala Lolemba. Sabata ino yatulutsako chinthu chimodzi chabwino, ngakhale sichili changa.

Ndawerengera zimene ndamwa ine mwini, kuchotsa madzi ndi shuga. Sizikwana kapu imodzi ndi theka. Kunena zoona, chipatsochi sindinachiyese n'komwe. Sindingachinene kuti chalephera.

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza kuti ndikupita ku Blantyre kukalandira chithandizo. Onse atembenuka kundiyang'ana mwachifundo. Ndaweramitsa mutu monga wodwala ayenera kuchitira. Kukana kwandikwana.

Che Bwanali abwera kudzatsanzika, akuyenda bwino. Andionetsa mapiritsi awo m'thumba la mkanjo ngati chiphaso. Ati ndikafika ndikawaimbire. Foni alibe, ndiimbira kwa akazi awo.

Makiyi ndasiya kwa Abiti Yusufu. Nsomba zonse ndawapatsanso iwo, BP yawo ikulola. Nkhuku zanga zinayi zipita kwa Mayi Chikopa.

Zanga zimene ndalongedza:
- malaya anayi
- Baibulo ndi magalasi
- buku la kuchipatala
- wailesi

Tamanda akunena zoona, ndipo ndikudziwa. Munthu wa 158 wokhala yekha akagwa m'bafa amapezedwa mawa lake. Ndikanakhala ine mwana, ndikanabwerekanso pikapu. Kudziwa zimenezi sikukupeputsa chikwama.

Akuti ndi miyezi itatu yokha, nambala ikatsika ndibwerera. Wanena kawiri, akundiyang'ana m'maso. Ndavomera. Ndalowa pabalaza kukatenga chipewa, ndapeza khoma lili mbee, misomali yokhayokha. Zithunzi zonse wazikulunga kale m'chitenje, zili m'galimoto.