Nambala ya Apongozi pa Kaundula wa Mijigo

Mwambi uwu, anzanga, gwero lake lili pa ofesi ina ya zamadzi, ndipo unayamba motere.

Kunali mkamwini wina dzina lake Witinesi Kamchacha. Anakhala zaka zinayi pamudzi pa apongozi ake aNagama, koma mtima wake wonse unali pa chitengwa, kutenga mkazi wake Ezelina kupita naye kwawo. Atapempha, aNagama anayankha kudzera mwa mwana wawo: “Ndione kaye ngati munthuyu amamaliza chimene wayamba.”

Ntchito ya Witinesi inali yoika mindandanda ya mijigo pa kaundula wa pa intaneti, kuti aliyense aziiona ulere. Mndandanda uliwonse unkafunika mawu ouzindikiritsa, ngati kapepala ka pa thumba la mbewu: dzina, dera, tsiku limene unakonzedwa, ndi nambala ya munthu womufunsa. Pakhomo pa kaundulayo pankalondera pulogalamu yofufuza, kanthu kopanda maso koma koona mpata uliwonse. Zonse zikakwanira, kankayatsa chobiriwira. Pakasowa kanthu, chofiira.

Lolemba lina Witinesi anaika mindandanda makumi atatu, ndipo yonse inafiira psuu. Kapulogalamu kanalemba kuti: “Nambala ya womufunsa palibe.”

“Achimwene, imbirani alangizi a m'maderamo akupatseni manambala awo,” anatero Mayi Chipeta, amene ankagawana naye tebulo.

“Anthu makumi atatu? Bawo ikundidikira pansi pa mtengo, mayi.”

Analemba maziro okhaokha. Kanakana: “Iyi si nambala.” Anaganiza zoika yake, koma anapukusa mutu. Kuti azimuimbira ali pakati pa masewera? Nambala ina imene ankaidziwa pamtima inali imodzi yokha, ya apongozi. Anailoweza kalekale, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti ikangotulukira pa foni aziithamangitsira kwa Ezelina.

“Ndani amawerenga zimenezi?” anatero, n'kuithira m'mipata yonse makumi atatu.

Kapulogalamu kanayatsa chachikasu: “Nambala imodzi pa madera makumi atatu. Mwatsimikiza?”

“Kali ndi mwano kameneka,” anatero Witinesi, nadina pa “Inde”.

“Kakuchenjezani katatu tsopano,” anatero Mayi Chipeta.

Koma kompyuta inali itabiriwira ngati chimanga cha mu Januwale, ndipo mwini wake anali atatuluka kale.

Lachitatu, aNagama ali ku dimba, foni inalira m'mfundo ya chitenje.

“Mayi, mjigo wa kwa Kapendeka unakumbidwa chaka chanji?”

“Mwanawe, ine ndikupalira mpiru.”

Sanaweramenso bwino, inaliranso. Anaimba mwana wa sukulu ya ukachenjede, anaimba okumba zitsime, anaimba wina wa Chingerezi cha m'mphuno amene aNagama anangomuyankha kuti “yesi” mpaka anadula yekha. Inalira ku kwaya. Inalira pamaliro, abusa ali pakati pa pemphero. Sabata itatha, anafunsa woimba wina kumene anaipeza nambalayo. Atamva, anamanga duku, natenga Ezelina, nakwera kabaza kupita ku ofesi ya mkamwini wawo.

Mwambo mukuudziwa: mkamwini ndi apongozi sayang'anana. Ndiye aNagama anakhala pansi pafupi ndi chitseko, nkhope kukhoma. Witinesi ananjuta kuseri kwa kabati. Ofesiyo inali yaing'ono ngati khola la nkhunda, komabe mawu onse ankadzera mwa Ezelina.

“Ezelina, uwafunse amuna ako ngati ine ndinalembedwa ntchito ya boma.”

“Bambo, akuti analembedwa ntchito?”

“Uwauze kuti ayi,” inayankha kabati.

“Uwafunse ngati panalibe wowaletsa.”

Mayi Chipeta ndiwo anayankha: “Makinawa anawaletsa katatu, amayi. Kawiri mofiira, kamodzi mwachikasu.”

Witinesi anatseka maso. Anaona chitengwa chake chikuuluka ngati nkhwali yodzidzimutsidwa.

“Ezelina,” anatero aNagama modekha, “ine mwambo sundilola kukhudza mkamwini. Unditsinire khutu lawo. Katatu.”

Ezelina anagwada mwaulemu wonse. “Pepani bambo, ndangotumidwa.” Ndipo anatsina mokhulupirika, kachitatuko mochita kupotoza.

“Tsopano uwauze izi. Mayi wina wa kwa Kapendeka wandiimbira kasanu. Mjigo wawo unafa, ana akumwa madzi a m'dambo, ndipo ine ndilibe sipanala. Amupezere womuyankha weniweni. Akamaliza madera onse makumi atatu, akwawo abwere tidzakambe za chitengwa.”

Masiku atatu bawo inagwa fumbi. Witinesi anaimbira mlangizi aliyense, ndipo kwa awiri amene sankayankha anapalasa njinga. Kapulogalamu kakafiira, ankakonza osanyinyirika. Mwezi usanathe, mjigo wa kwa Kapendeka unalavula madzi, foni ya aNagama inagona tulo, ndipo atakolola, Ezelina anasenza mitolo yake kupita kwa amuna ake.

Patapita chaka, kalaliki watsopano anamenya tebulo kompyuta itamufiirira. “Kachinthu aka kamandida!”

Witinesi anasisita khutu lake lakumanzere, limene mpaka lero linatsamira pang'ono.

“Musakatukwane, achimwene. Aka kamatsina mwakachetechete muli nokha. Mukakanyoza, kubwera ena otsina pagulu.”

Ndiye chifukwa chake, anzanga, munthu akakuonetsani pamene mwalakwitsa, akulu amati: wakutsina khutu ndi mnansi.