Ndege ya Abah Oding Yosamva Wenzulo

Aliyense amene anaulutsapo tindege toyendera rimoti pabwalo lija la kunja kwa Bandung akudziwa chinthu chimodzi cha malemu Abah Oding: ndege yawo inalibe makutu. Wenzulo wotsitsira ndege ankalira mpaka woimbayo kutupa masaya, koma kandege kachikasu kaja kali m'mwamba, eni ake akuseka chikhakhali, mano awo awiri otsala ali pamtunda.

Tsoka linagwera Tatang, mkamwini wawo, yemwe anali mkulu wa oweruza m'kalabu ya oulutsa tindegeto, munthu wovala malaya osita ngakhale popita kukadyetsa nkhuku. Lamulo la mpikisano silivuta: ndege izungulire, igubuduzike, ikwere chiriri, chilichonse pamalo pake, kenako itere. Abah ankayamba bwinobwino. Koma akakowa akangodzuka m'minda ya mpunga, basi, ndege yawatsata.

"Abah, bwererani pamzere!"

"Taima kaye mkamwini, ndiwaperekeze alendowa."

Tatang ankakweza chikwangwani cha ziro nkhope ili pansi. Kupatsa apongozi ziro pagulu, madzulo n'kukadya mpunga kunyumba kwawo, si chinthu chomufunira mnzako.

Abah atagula injini yamagetsi anadandaula kuti ndi yofatsa ngati mkwatibwi, ndiye phokoso ankaliza okha ndi milomo, malovu akuwaza oweruza. Tsiku lina anamangirira phukusi la nthochi zokazinga kumimba kwa ndege, n'kuligwetsera patebulo la oweruzawo.

"Abah, zimenezi ndi ziphuphu!" anatero Tatang.

"Ziphuphu zanji, poti ziro wandipatsa kale? Idyani zikadali zotentha."

Anthu a m'midzi yozungulira ankadzaza mpanda, kuseka mpaka kugwira nthiti. Tatang yekha ankalakalaka nthaka itang'ambika.

Kenako kunamveka kuti kukubwera akuluakulu a ku Jakarta kudzaona ngati kalabuyo ingapatsidwe mpikisano wa dziko lonse. Tatang anali atavutikira zimenezi kwa zaka. Anapita kwa apongozi, n'kuwapeza akumata phiko pakhonde.

"Abah, mawa lokha, chonde. Musandichititse manyazi."

Nkhalamba inaika guluu pansi. "Kani ndimakuchititsa manyazi?"

Tatang anangotsanzika n'kumapita.

M'mawa mwake kandege kachikasu kananyamuka mwakachetechete, milomo ya Abah ili yotseka. Kanazungulira, kanagubuduzika, kanakwera chiriri ngati kakokedwa ndi chingwe. Akakowa anadutsa, iko osawatsata. Wenzulo asanalire n'komwe, kanali katatera pakati penipeni pa mzere. Alendo aja anaimirira n'kuwomba m'manja, mmodzi akufunsa kuti katswiri wotereyu ankamubisa kuti. Apa m'pamene Tatang anazindikira kuti zaka zonsezi mkuluyu ankadziwa zonse, kungoti sankafuna.

Abah anapukuta phiko ndi malaya, n'kutembenukira kutebulo.

"Ndakhoza, a oweruza?"

Sananene kuti mkamwini. Tatang anakweza chikwangwani cha khumi, ndipo manyazi amene anamugwira tsikulo anaposa a maziro onse aja. Kumpanda kunali zii, anthu akudikirabe zoseketsa zomwe sizinabwere.

Kalabu ija inapatsidwadi mpikisano wa dziko lonse. Koma Abah sanabwerenso pabwalo. Ankati ndi mawondo, chonsecho kumsika ankapita wapansi. Tatang ankati awapepesa Lamlungu likubwerali, kenako linalo, mpaka mvula itayamba anawaika m'manda.

Masiku ano bwalo lili ndi mzere wopakidwa bwino, ndipo aliyense amatera nthawi yake. Kumpanda kumangokhala mbuzi. Posachedwapa mlimi wina wodutsa ndi khasu paphewa anaima n'kupereka moni kwa Tatang.

"Kodi bambo, zoulutsa ndege zija munasiya?"

Nthawi imeneyo m'mwamba munali ndege zitatu. Tatang anaziyang'ana zikuuluka mwadongosolo, kenako n'kuyang'ana kumpanda kumene kunali mbuzi zokha.