Tsiku Limene Ndinazula T pa Chikwangwani cha Che Amidu

Inu mukusekerera kumbuyoko, sekani mumalize, kenako mubwere mudzaone chikhadabo changachi. Sichinapindike ndi khasu ichi. Chinapindika ndi Chingerezi.

Zaka zoyamba za Chitaganya, wolemba zikwangwani kuyambira pa Mitundu mpaka pa Nathenje ndinali ine ndekha, Yosofati. Chingerezi ndinachitola ku Halale, ndipo ndinkachiyankhula mothamanga moti azungu ankandipempha ndiime kaye aitane womasulira. Tsono pa Mitundu panali Che Amidu, munthu wofatsa, amene anagulitsa njinga yawo n'kutsegula kanyumba ka tiyi. Chuma chawo chonse chinali chomwecho: ketulo, makapu ndi thumba la shuga. Anandiitana, ine n'kuwalembera bwinobwino kuti Amidu's Tea Room. Anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"A Yosofati, dzina langa likhale lamaliseche pamsewu? Ana azingoti Amidu, Amidu? Azungu ali naye Che wawo, ndimamuona pa zitini. Ikani The patsogolopo."

Ndinawauza mosabisa kuti The si Che. Dzina la munthu mmodzi likanyamula s wa umwini kumchira limayenda lokha, lopanda womuperekeza. The amaima patsogolo pa dzina ngati ukunena banja lonse, ndipo iyeyo akaitana, onse amabwera. Sanamve. Ndinalemba zimene ankafuna, ndinatsuka burashi, n'kupita ku Nathenje kukalemba pa chigayo.

Utoto usanaume, anayamba kubwera a Amidu a pafupi, kenako a ku Malingunde, a ku Dedza, a kunyanja, ena ochokera kutsidya kwa nyanja yamchere mikanjo ikuchuchabe madzi, ana a m'mimba amene anali kudzatchedwa Amidu akukoka amayi awo ndi mapazi, ngakhale tonde wina amene mwini wake anamutcha Amidu moseka anadula chingwe n'kukaima pamzere, ndipo mzerewo unatalika mpaka unandipeza pa chigayo ku Nathenje, msewu n'kutitimira moti madzi a m'dambo anayamba kuyenda chokwera. Mukumva? Aliyense ankaloza chikwangwani n'kunena kuti nyumba ya tiyi ndi yathu, yalembedwa. Ndipo inu mukudziwa, wachibale sumulipiritsa tiyi. Che Amidu ankangothira, kuthira, kapu ikuyenda m'manja mpaka kumchira kwa mzere, ikafika itazizira ankaibweza kuti akatenthetsenso.

Uthenga unandipezanso choncho, pakamwa ndi pakamwa: shuga watsala wa m'makona a thumba, akatha Che Amidu atseka. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa munthuyo sanalakwe kanthu, ankangofuna ulemu wake.

Podutsa panalibe. Ndinavula nsapato n'kukwera pamutu pa woyamba, ndipo ndinathamanga pamitu ya a Amidu kuchokera ku Nathenje mpaka ku Mitundu osaponda dothi, ndikupepesa aliyense, osagwetsa kofia ngakhale imodzi, ndipo liwiro lake chithunzithunzi changa chinatsala m'mbuyo n'kudzafika mawa lake chitatupa mapazi. Ndikulumbira, funsani aliyense wa dazi kumeneko, akuuzani chinamuyambitsa.

Ndinawapeza Che Amidu akukutumula thumba, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati ndifufute The yense, koma anandigwira mwendo. "Bola nditseke, a Yosofati, kusiyana n'kukhala Amidu wamba." Pamenepo ndinayang'ana m'mwamba n'kuona kuti The ndi Che amasiyana mutu wokha. Utoto ndinali nditausiya ku Nathenje. Ndinalowetsa chikhadabo ichi pansi pa T n'kukoka, koma chilembocho chinali chitamera mizu, muzu wina unakatulukira pansi pa sitolo ya mmwenye ku Lilongwe, ndipo chitazuka nyumba ya tiyi inatembenuka n'kuyang'ana kumsika, kumene kunali makasitomala enieni. Ndinalanda chikwakwa kwa mayi wina womweta udzu, chopindika ndendende ngati C, n'kuchikhoma pamalopo ndi chipumi. Chikwangwani chinawerengeka Che Amidu's Tea Room. Munthu mmodzi, ulemu wake uli pomwepo.

Mukumva? Anthu aja anangowerenga, n'kuika makapu pansi, n'kumafunsana kuti kodi tikutani pa tiyi wa eni ake. Anabalalika onse. Tonde yekha ndiye anachita kukokedwa.

Koma shuga ndi masamba zinali zitatheratu, ndipo Che Amidu analibe poyambira. Ine n'kuyang'ana chilembo chili m'manja mwangamo. Azungu chilembochi amachitchula kuti tii. Ndinachiponya mu ketulo, ndipo munatuluka tiyi wamkaka, wa shuga wake kale, woti supuni inkaima yokha. Anagulitsa tiyi ameneyo mpaka anawombola njinga yawo, namanga sitolo ya malata, ndipo pondithokoza anandibwezera T wanga.

Ndiye iwe wakumbuyo, amene wakhala ukusuzumira m'kapu n'kumanong'oneza mnzako kuti agogo atipatsa madzi otentha okhaokha, dziwa kuti ukumwa chilembo chomwecho. Chaphikidwa tsiku ndi tsiku kuyambira nthawi ya Chitaganya. Iweyo atakuwiritsa zaka zonsezi, ungatulukebe mtundu?