Soketi ya pa Njinga Yamoto

Lolemba

Tiyamike, mwana wanga woyamba, ali pafupi kuchira ku Lilongwe. Akuti sabata ino. Dzulodzulo lomweli ndimamunyamula pa thanki ya njinga yamoto popita kusukulu, lero akundipatsa chidzukulu! Wandilonjeza kuti woyamba kuimbiridwa foni ndine.

Vuto ndi foni. Kuno ku Mlonyeni magetsi kulibe, kutchaja mpaka kwa ometa ku Boma. Koma nzeru ndili nazo: soketi pa njinga yamoto. Ndagula kwa mnyamata wa ku Zambia pamsika wa kumalire. Akuti, "Ni yolimba maningi, mudala."

Zida: soketi, waya wofiira, waya wakuda, tepi, mpeni wa amayi a Tiyamike.

Lachiwiri

Ndatsegula mpando. Wofiira ku batire, wakuda ku chitsulo. Ndalumikiza foni. Kanyali kakuyaka! Chimwemwe chake ngati tsiku lija bambo anabwera ndi wailesi kuchokera ku esiteti, ife nkumasuzumira kumbuyo kufuna kuona anthu olankhulawo.

Ndayesa mphindi zochepa chabe, mawa nditchaja bwinobwino. Amayi a Tiyamike akungoti, "Mpeni wanga mubweze."

Lachitatu

Ndani waulutsa? Pobwera kusukulu ndikupeza anthu pansi pa mtengo wa mango, aliyense foni m'manja: ahedi, akatekisiti, mlangizi wa zaulimi, ndi mayi wina yemwe sindimudziwa nkomwe koma akunditchula kuti achimwene.

Pakhomo pano mlendo ndiye amayamba kusamba m'manja. Ndinaleredwa choncho. Ndiye ahedi ayambe. Akatekisiti sangabwere pambuyo pa mlangizi, mlangizi naye wachokera kutali. Yanga ili m'thumba, yatsala timizere tiwiri.

Ahedi potsanzika: "Aphunzitsi, mwabweretsa chitukuko."

Lachinayi

Chitukuko chamwa batire yonse. Hutala akulira ngati mwanapiye wonyowa. Soketi ikugwira pokhapokha injini ikulira, ndiye njinga ikubangula pansi pa mango, petulo akutha, ulendo palibe. Nkhuku zasamukira kwa aneba.

Madzulo pabwalo pali mbee. Mwayi wanga! Ndangolumikiza yanga, ndikumva "Odi!" Asewere, mayi ake a mkamwini wanga, atsika pa kabaza kuchokera ku Dambe, foni ataimanga pansonga ya chitenje.

"Asewere, tamva kuti kuno kwagwa magetsi. Nafenso tikudikira mwana yemweyo."

Asewere ungawakanize? Ndazula yanga ndi manja awiri. Yawo yadzaza mpaka pakamwa, petulo nkuthera pomwepo. Yanga kamzere kamodzi, kakuphethira.

Lachisanu

Petulo wa m'botolo, wogula pamsewu. Ndaponda kiki. Phwa! Fyuzi yapsa. Mlangizi akuti iwo amangokulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ndakulunga.

Kanyali kayaka. Kenako fungo. Ndikufunsa amayi a Tiyamike kukhitchini ngati akuwotcha pulasitiki. "Ndi inuyo mukupsa!" Utsi pansi pa mpando! Ndazimitsa ndi mchenga komanso chipewa changa cha kutchalitchi.

Zotayika: waya, chipewa, theka la mpando, ulemu pang'ono. Foni yazimiratu. Ndakhala pakhonde ndikuiyang'ana. Mwina pompano mwana wanga akundifuna.

Loweruka

Njinga yakapalasa ya akatekisiti, ulendo wa ku Boma. Miyendo yaiwala ntchito imeneyi. Pachitunda ndatsika nkumakankha, ana a sukulu akundipatsa moni mwaulemu wokayikitsa.

Ndafika kwa ometa thukuta lili kamukamu. Magetsi anazima m'mawa! Wometa ali panja akusewera bawo, kasitomala wina wakhala pambali mutu wometedwa mbali imodzi. Tadikira limodzi ngati anamfedwa mpaka dzuwa kupendeka. Sanayake.

Kunyumba amayi a Tiyamike angondiikira madzi otentha osamba. Bola akanandinyoza.

Lamulungu

Tikutuluka m'tchalitchi, nthungululu kumsewu. Asewere pa kabaza, foni m'mwamba ngati mbendera.

"Wamkazi! Wabadwa Lachisanu masana! Tiyamike wakuimbirani mpaka kutopa, asewere, foni yanu mumaisungira chiyani?"

Lachisanu masana. Nthawi imene ndimathira mchenga pampando.

Takwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pomwe netiweki imagwira osathawira ku Zambia, ine ndi jekete langa, amayi awiri akukokana mikono. Asewere andipatsa foni. "Ababa, munali kuti?" Ndayamba kufotokoza za fyuzi, iye akuseka. "Dikirani, mumve." Kenako kamawu kakang'ono, kaukali, kofanana ndi hutala wanga wa Lachinayi. Misozi ndaipukuta ndi tayi.

Woyamba kumva sindine. Wachiwirinso sindine, pakuti wakabaza anamva kale panjira. Komabe moto umene wanditengera kulira kuja unachokera mu batire yanga, ndipo ndawauza asewere zimenezo. Akuti, "Eya, nchifukwa chake tinabwera."

Soketi ndaichotsa. Amayi a Tiyamike akusungiramo singano, akuti apa ndiye yapeza ntchito. Mawa foni ipita kwa ometa, ine kusukulu wapansi.